Mukufuna kuyamba u-MC wa maukwati ndi zinkhoswe? Yambani chonchi

Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Disembala palibe Loweruka limene limadutsa popanda ukwati, chinkhoswe, bridal shower kapena send off, kaya ndi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba olo pa trading ya kwanu komweko, ndipo paliponsepo pamafunika munthu mmodzi wogwira maiki n'kuyendetsa zinthu. Ntchito imeneyi anthu akudyerapo, ena akulipirira ana fizi, ena anasiya kufunsira ntchito m'maofesi chifukwa cha iyo yomweyi. Koma ambiri amene amalowamo amaganiza kuti bola pakamwa pothwa ndi suti yowala basi zatheka, nde amagwira maukwati awiri atatu kenako foni yasiya kulira osadziwa kuti chalakwika n'chani. Chalakwika n'choti anaiwala kuti mwambowo si wawo. Ndi wa mabanja awiri amene asonkha ndalama miyezi yambiri, ena mpaka kugulitsa mbuzi, ndipo akupatsani inu maiki kuti muwasungire ulemu wawo, nthawi yawo ndi ndalama zawo kwa maola anayi kapena asanu. Zonse zimene ndikuuzeni pansipa zachokera pamenepo.

Choyamba dziwani malire a ntchito yanu. Inu simumangitsa ukwati, ndipo musadzalole aliyense kukunamizani kuti poti mumayankhula bwino mungathe kuwalumbiritsa awiriwo pa garden n'kukhala kuti ukwati watheka. Lamulo la maukwati la 2015, lija amati Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa pachikhalidwe umene ankhoswe ndi mafumu amauchitira umboni, komanso uja wa anthu amene angokhalira limodzi zaka zambiri, umene bwalo la milandu ndi limene limagamula ngati ulidi ukwati. Pa zonsezo palibe pamene pali dzina la MC. Abusa, bambo mfumu, shehe, a DC, ankhoswe, amenewo ndiye eni ake, inu mumabwera kudzayendetsa madyerero ndi kulumikiza zochitika. Abale athu amene ali ku England amazidziwa bwino izi, kumeneko kuli anthu otchedwa ma celebrant amene amayendetsa mwambo wonse mokongola koma banjalo limayenera kukalembetsabe ku register office kuti boma liudziwe. Nde kasitomala akakufunsani kuti za setifiketi titani, muuzeni apite kwa DC kapena kumpingo kwake nthawi ikadalipo chifukwa pamakhala kulengeza kaye masabata angapo tsiku lisanafike.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Lamulo lomwelo limati wolowa m'banja akhale wa zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kutseka mpata uja woti makolo akavomera mwana wa zaka 15 akhoza kukwatiwa. Mukaitanidwa ku chinkhoswe n'kuona kuti mkwatibwiyo ndi mwana wa pasukulu, kanani, olo ndalama yake ikhale yokoma bwanji. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika mpaka kunja kwa dziko lino chifukwa chothetsa maukwati oterewa, inu musakhale munthu woyimbitsa nthungululu pa chinthu chimene ena akuvutika kuchithetsa.

Chachiwiri, pitani mukaphunzire, ndipo sukulu yake ili m'maholo ndi m'midzi. Pezani MC amene anthu a kwanu amamulemekeza, osati wongotchuka pa Facebook koma uja amene azimayi akuluakulu a kumpingo amamutchula akamakonza ukwati wa mwana wawo, mupempheni kuti muzimuperekeza, kumunyamulira chikwama, kumuthamangira kwa DJ ndi kwa makashiya. Muziona zimene amachita pamene sakuyankhula, chifukwa ntchito yambiri ili pamenepo, mmene amanong'onezana ndi tcheyamani wa komiti, mmene amadulira pulogalamu nthawi ikatha popanda anthu kudziwa kuti china chadumphidwa. Kenako khalani pansi ndi akuluakulu, amalume amene akhalapo ankhoswe kambiri, muwafunse mwambo umayenda bwanji kwenikweni.

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa chinkhoswe ndi pamene achinyamata ambiri amagwera. Masiku ano chinkhoswe cha m'tauni chimakhala ndi dekoleshoni, DJ, nsalu yofanana mbali iliyonse, mpaka chimaoneka ngati ukwati weniweni, koma mtima wake ukadali womwe uja, mabanja awiri akudziwana ndipo ankhoswe akulandira udindo woti mawa awiriwa akayambana ali ndi kothawira. Pamakhala kubweretsa anthu ofunditsidwa zitenje kuti a mbali inayo aloze wawo, pamakhala kusinthana nkhuku, tambala kuchokera kuchimuna ndi thadzi kuchokera kuchikazi, pamakhala kupereka ziwiya, mwamuna kulandira khasu, nkhwangwa, chikwanje, mkazi kulandira mphika, mthiko, chipande, lichero, tsache, ndipo chilichonse chili ndi tanthauzo lake limene ankhoswe kapena alangizi amalongosola. Inu ntchito yanu ndi kuwapatsa mpata, osawalanda mawu. Mukayamba kumasulira nokha ziwiyazo mwanthabwala kuti anthu aseke, amalume aja akhala chete koma mumtima akudziwa kuti mwana uyu sadziwa mwambo, ndipo ndi omwewo amene adzafunsidwe ukwati wa mdzukulu wina ukadzafika kuti MC titenge uti.

Musaganizenso kuti mwambo wa kwanu ndi wa Malawi yense. Achewa, Ayao, Alomwe, Amang'anja amatsata kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi malume, pomwe kwa Atumbuka, Angonde, Angoni a ku Mzimba ndi Asena a ku Lower Shire kuli malowolo ndipo mawu akulu amachokera kuchimuna. Nde taganizani mnyamata wa ku Rumphi akukwatira mtsikana wa ku Mulanje, mbali imodzi ikudikira nkhani ya malowolo ina ikudikira tambala ndi thadzi, ngati simunafunse pasadakhale kuti agwirizana zotani mudzaitana chinthu chimene palibe anakonzekera ndipo manyazi ake adzagwera mabanja onse awiri. Asilamu ali ndi dongosolo lawo, nthawi ya swala muyilemekeze ndipo mufunse ngati amuna ndi akazi akhala malo amodzi. A Seventh Day ukwati wawo umakonda kukhala Lamulungu ndipo ambiri safuna nyimbo zina ndi magule ena. Mipingo ina salola kuvina kumene. Zonsezi zimafunsidwa, sizilotedwa.

Chachitatu ndi mawu anu. Yambani pamene palibe ndalama, Paper Sunday ya kumpingo, tsiku lotsekera sukulu, birthday ya mwana wa achemwali, msonkhano wa banki m'khonde, kulikonse kumene angakupatseni maiki, ndipo muuze mnzanu akujambuleni pa foni mwambo wonse osati timagawo tokoma tokha. Madzulo muonere nokha. Mudzamva mawu amene mumabwereza mosadziwa, mudzaona pamene munayankhula kwambiri anthu atatopa kale, mudzaona ngati mumameza maiki kapena kuyiika kutali. Chichewa chanu chikhale chaulemu, cha akuluakulu, osati cha pa depoti, koma chisakhalenso cholemera ngati mukuwerenga nkhani za pa wailesi. Chizungu chikufunika ndithu makamaka m'tauni, koma osachionetsera, ngati agogo a mkwatibwi abwera kuchokera ku Ntchisi pa minibasi usiku wonse ndipo mwambo wonse sanamvepo kanthu ndiye kuti mwawalakwira. Phunziraninso malonje ndi kuthokoza m'zilankhulo zina, monire mose ndi yewo chomene kwa a kumpoto, sikomo kwejinji kwa a ku Mangochi ndi Machinga, timawu tochepa tomweto timawasangalatsa anthu kuposa nthabwala khumi.

Za zipangizo sindichulutsa. Masipika ndi maiki nthawi zambiri amabwera ndi DJ, nde musathamangire kukongola ndalama zogulira PA system musanapeze makasitomala. Chimene mukufunika ndi zovala ziwiri zitatu zaukhondo zokukwanani bwino, za chizungu ndi za chitenje, nsapato zoti mutha kuimirira nazo maola asanu, wotchi, kope ndi bolopeni, mabatire a maiki apadera m'thumba, power bank, botolo la madzi. Musavale kuposa mkwati. Amayi amene mukufuna kulowa ntchitoyi lowani, ma bridal shower, ma kitchen top up ndi ma baby shower ambiri amafuna mzimayi, ndipo pa ukwati palibe lamulo loti MC akhale bambo.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ambiri amachita nayo manyazi. Funsani ma MC atatu anayi a dera lanu kuti amatchaja zingati, inu muyambire pansi pawo pang'ono koma osati pa ulere, chifukwa mtengo umene mwayamba nawo anthu amauzana ndipo kuukweza kumavuta. Powerengera ikanimo thiransipoti yopita ndi kubwera, ya tsiku lokakumana ndi komiti, kuchapitsa suti, ma units ndi bandulo, malo ogona ngati ndi kutali, kenako ntchito yanuyo. Mukagwirizana lembani, olo pa WhatsApp pomwepo, tsiku, malo, nthawi yoyamba ndi yomaliza, mtengo, depoziti ndi tsiku lomalizira yotsalayo. Tsiku musalisunge popanda depoziti, ine ndimaona kuti theka ndi bwino, ndipo yotsalayo ilowe pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki mwambo usanayambe. Ukwati ukatha komiti imabalalika, tcheyamani foni yazima, akwati apita kokapuma, ndipo simungapite kukagogoda kwa apongozi kukafunsa ndalama ya u-MC.

Ena adzakuuzani kuti tidzakupatsani kuchokera mu perekani perekani, mwina mpaka kukulonjezani gawo la zonse zimene zitoleredwe. Zimamveka zokoma koma ndikukulangizani mukane. Malipiro anu akangodalira mbale ija mudzayamba kufinya anthu, kuitana gulu lomwelo katatu, kuchedwetsa mwambo kuti ndalama ichuluke, ndipo alendo amaziona zimenezo. Kumbukiraninso kuti anthu amabuka miyezi isanu ndi umodzi olo chaka chisanafike, pomwe kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde mtengo umene munagwirizana mu Januwale pofika Okutobala mwina sukukwananso thiransipoti. Lembani mu mgwirizano kuti mtengo wa mafuta ukasintha gawo la thiransipoti lidzaonedwanso, anthu amamvetsa akauzidwa poyamba, chimene amadana nacho ndi kuwadzidzimutsa sabata ya ukwati. Ndipo musadzayerekeze kutenga maukwati awiri tsiku limodzi poganiza kuti wina ukatha muthamangira kwina. Ukwati wa kwathu kuno suyamba pa nthawi imene yalembedwa pa khadi.

Sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lisanafike kumanani ndi akwati ndi tcheyamani wa komiti, maso ndi maso ngati n'kotheka, ndipo akulowetseni mu gulupu ya WhatsApp ya komiti. Msonkhano umenewu ndi umene umasiyanitsa MC weniweni ndi wongobwebweta. Tengani kope mulembe maina onse ofunika ndipo muwatchule mokweza pomwepo kuti akukonzeni, dzina la munthu kulilakwitsa pagulu ndi chipongwe olo musanafune. Kenako funsani mafunso ovuta aja, mwaulemu koma mufunse. Makolo onse alipo? Ngati wina anatisiya, banja likufuna atchulidwe kapena ayi? Bambo ndi mayi akadali limodzi, ndipo ngati anasiyana ndani akhale kutsogolo, mayi omupeza atchulidwe bwanji? Analera mkwatibwi ndi ndani kwenikweni, chifukwa pena mupeza kuti ndi azakhali amene anamulipirira fizi kuyambira fomu 1 mpaka ku koleji ndipo inu mukaitana makolo okha n'kuwasiya iwo mwawabaya pamtima tsiku limene amayenera kusangalala. Pali mwana amene mmodzi wa awiriwa anabereka kale, ndipo zikudziwika mbali zonse? Pali nkhani imene isatchulidwe n'komwe? Zimene mwamva pamenepo ndi zachinsinsi, zithere m'kope lanulo, osakazikamba kwa anzanu kumowa.

Funsaninso za maudindo. Ngati kubwera mafumu dziwani kuti uyu ndi nyakwawa, uyu ndi gulupu, uyu ndi T/A kapena Senior Chief, ndipo muwatchule motsata ukulu wawo, Angoni muwatchule Inkosi. A mpingo chimodzimodzi, abusa, bambo mfumu, shehe, bishopu, aliyense ndi dzina la udindo wake. Olo amayi a m'mipingo ali ndi maina awo, ku CCAP ya Blantyre Synod ndi a Mvano, ku Nkhoma ndi a Chigwirizano, ku Livingstonia ndi a Umanyano, ku Seventh Day ndi a Dorika, mukasokoneza adzakukonzani pomwepo mokweza. Andale akabwera alandireni mwaulemu ngati alendo ena onse koma maiki musawasiyire nthawi yaitali ndipo inu musaonetse mbali, muholomo muli anthu a zipani zonse.

Mukatero imbirani DJ, wojambula ndi mkulu wa makashiya. DJ ndi mnzanu wapamtima tsiku limenelo, gwirizanani zizindikiro za manja zoti kweza, tsitsa, dula, mupatseni pulogalamu yosindikiza yofanana ndi yanu, ndipo muonetsetse kuti nyimbo zolowera aperekezi, zolowera akwati ndi zodulira keke wazikonza kale mu folda imodzi osati azikasaka anthu ataima pakhomo. Funsani eni malo kuti holo amatseka nthawi yanji ndipo jenereta ilipo, ili ndi mafuta, woiyatsa ndi ndani. Ngati ndi pa garden ndipo ndi mu Novembala kapena Disembala funsani za tenti, mvula yoyamba siichenjeza.

Tsiku lenilenilo fikani ola limodzi kapena awiri anthu asanayambe kulowa, yesani maiki mukuyenda mbali zonse za holo kuti mudziwe pamene imalira ndi pamene imaduka, onani pokhala makolo, moni kwa ankhoswe mbali zonse ziwiri muwapatse ndi manja awiri. Idyani kaye. Mowa ayi, olo botolo limodzi, olo akupatseni eni ake. Akwati akachedwa kojambulitsa, zimene zimachitika kawirikawiri, musangokhala chete komanso musayambe kuwanena, auzeni anthu zoona kuti ali m'njira, DJ aziimba pansipansi, inu mukhale mukudula kale pulogalamu m'kope mogwirizana ndi tcheyamani kuti chofunika chisadzatsale.

Perekani perekani ndi pamene ntchito yanu imayesedwa zenizeni, chifukwa banja likuyembekeza kuti ndalama zimene zalowa mu ukwatiwu zibwerereko ndipo awiriwa apeze poyambira, koma alendo nawo safuna kumva ngati abwera ku msika. Njira yake ndi dongosolo. Gwirizanani ndi komiti mndandanda wa magulu, akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, a kuntchito kwa mkwati, a kuntchito kwa mkwatibwi, anzawo a kusukulu, aneba, ndipo gulu lililonse likhale ndi nyimbo yake ndi mphindi zake, mukaona mzere wayamba kuchepa dulani muitane ena, osadikira mpaka patsale anthu awiri akuvina okha. Makashiya akhale ndi tchenji chokwanira kuyambira pachiyambi, ma K50, ma K100, ma K200, ma K500, kuti munthu wabwera ndi K5000 yake asinthe n'kuvina nayo kangapo, tchenji chikatha perekani perekani amafa pomwepo olo MC akhale waluso bwanji. Lengezaninso nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene komiti yavomereza, pali achibale ali ku Joni ndi ku UK amene akuonera pa foni ndipo akufuna kuponya nawo.

Inu ndalama musaigwire. Olo imodzi yagwera pa nsapato yanu, itanani kashiya atole. Tsiku limene ndalama idzasowe, ndipo zimasowa, pasadzapezeke munthu wonena kuti ndinaona MC akuika dzanja m'thumba. Limbikitsani anthu kuponya m'mbale, m'lichero kapena m'beseni osati pansi, a Reserve Bank akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ndalama zamapepala zikuonongeka msanga chifukwa chopondedwa m'maukwati ndipo kusindikiza zina kumadya ndalama zambiri za dziko, komanso ndalama za pansi ndi zimene ana ndi anthu ena amatola mwakabisira. Za kulengeza kuti zonse pamodzi zakwana zingati, funsani banja kaye, ena amafuna ena safuna chifukwa cha chitetezo, ndipo ine ndimaona kuti osalengeza ndi bwino pamene ndalamazo zikagona m'nyumba usiku umenewo.

Chimene sindigwirizana nacho mpang'ono pomwe ndi kuchititsa anthu manyazi kuti apereke. Kuitana munthu ndi dzina kuti bwana uja wa galimoto yoyera tiyeni tione mphamvu zanu, kapena kunena kuti akuchikazi mwaluza akuchimuna akuposani, zimasekesa mphindi imodzi koma wina amapita kwawo ndi chilonda. Simukudziwa kuti bwanayo ntchito inatha mwezi watha, simukudziwa kuti akuchikaziwo ndalama yawo yonse yathera pa thiransipoti yochokera kumudzi. Kampikisano kakang'ono kosangalatsa kalibe vuto ngati mbali zonse zikuseka, koma diso lanu likhale pa nkhope za makolo, zikayamba kugwa siyani. Chimodzimodzi pogulitsa keke ndi maapozi, yambani ndi mtengo woti anthu wamba afikire kuti aliyense alaweko.

Nthabwala zikhalepo, ukwati si maliro, koma pali malo osapondapo. Mitundu ya anthu, thupi la mkwatibwi kapena la aperekezi, zibwenzi zakale, za kuchipinda pamaso pa ana ndi apongozi, ndi ija yoti chaka chamawa tikufuna mwana, imeneyo isiyeni ndithu chifukwa simukudziwa zimene awiriwa akudutsamo kapena adzadutsemo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo masiku ano mlomowo umajambulidwa pa foni makumi asanu n'kuikidwa pa TikTok usiku womwewo. Woledzera akafuna maiki musalimbane naye pagulu, kodolani anyamata a komiti amutengere pambali mwaulemu, mwina ndi malume ake a mkwati. Woyankhula akatalikitsa imani pafupi naye mwakachetechete, ambiri amamva, akapanda kumva DJ alowetse nyimbo pansipansi pamene wapumira. Magetsi akazima inu musazime nawo, kwezani mawu, yambitsani nyimbo yoimba pakamwa imene amayi onse akuidziwa mpaka jenereta ilire.

Malizani pa nthawi. Anthu ena akukwera minibasi kubwerera ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi, ena akubwerera kumudzi, ndipo holo ikapitirira nthawi banja limalipira zoonjezera. MC amene amatseka mwambo dzuwa likadalipo, mphatso zitaperekedwa, makolo atayankhula, pemphero lotsekera litachitika anthu akadali muholo, ameneyo komiti simuiwala.

Mukayamba kudziwika adzakuitananinso ku zovuta, ndipo kumeneko ndi dziko lina. Pamaliro mwini mwambo ndi mfumu ndi mpingo, inu mumangothandiza kuti oyankhula atsatane bwino, woimira banja, wowerenga mbiri ya malemu, a kuntchito, mfumu, kenako kupereka mwambo m'manja mwa a mpingo, ndipo kumanda oyendetsa ndi adzukulu. Mawu akhale ochepa, otsika, opanda nthabwala ndi pang'ono pomwe. Kulengeza chipepeso ndi kuitana oika nkhata kumafuna mndandanda wolembedwa ndi anamfedwa eni ake, musaonjezere kapena kuchotsa dzina. Pa maliro a m'dera lanu kapena a kumpingo kwanu musatchule mtengo, imeneyo ndi ntchito ya umunthu, akakupatsani ya thiransipoti landirani. Zimasiyana ngati kampani kapena bungwe lakuitanani mwa dongosolo kuti muyendetse mwambo wa wantchito wawo, kapena banja likukonza mwambo wa chiliza miyezi ingapo pasadakhale, apo mukhoza kukambirana za malipiro.

Chotsala ndi kuipanga kukhala bizinesi. Kutsatsa kwakukulu ndi ukwati umene mwayendetsa bwino, chifukwa muholomo mwakhala anthu mazana ndipo ena mwa iwo akukonza wawo, koma thandizirani ndi tsamba la Facebook, status ya WhatsApp ndi timavidiyo tifupitifupi, mutapempha kaye eni ukwati ngati alola kuti muike. Gwirizanani ndi a dekoleshoni, ophika makeke, ojambula, ma DJ ndi oyang'anira maholo, anthu amenewa amafunsidwa tsiku ndi tsiku kuti mukudziwa MC wabwino, nanunso muziwatumizira makasitomala. Khalani ndi MC mnzanu mmodzi amene mumamukhulupirira woti akhoza kukuimirirani mutadwala, ndipo kasitomala adziwe zimenezo kuyambira pa mgwirizano.

Ntchito zikayamba kubwera kalembetseni dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndipo mutenge TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA, chifukwa makampani, mabanki ndi mabungwe akafuna MC wa dinner kapena wa msonkhano amafuna kotesheni, invoisi ndi akaunti ya ku banki, ndipo polipira amadula msonkho wa withholding, nde muziwafunsa satifiketi yake musunge. Ntchito zimenezo ndi zimene zingakugwireni dzanja miyezi ya mvula, chifukwa kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo maukwati amachepa kwambiri, anthu ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, Akatolika ali mu Lenti, ndipo mwezi wa Ramadan ukafika Asilamu nawonso amaimitsa kaye zisangalalo. Nde pa ukwati uliwonse wa mu Okutobala patulani kenakake kosungira Febuluwale, ndipo ntchito kapena geni imene muli nayo panopa musaisiye chaka choyamba, u-MC ndi wa Loweruka ndi Lamulungu, umalolera kuyenda limodzi ndi zina mpaka mutaona kuti kalendala yanu yadzaza miyezi itatu kutsogolo.

Lolemba likafika tumizani uthenga kwa tcheyamani ndi kwa akwati kuwathokoza, ndipo mufunse tcheyamaniyo mosabisa kuti ndi pati pamene sipanayende bwino. Zimene wanenazo lembani m'kope lomwe lija pansi pa pulogalamu ya tsikulo, pamodzi ndi nthawi imene mwambo unayamba, imene unatha, ndalama imene munalandira ndi imene munaononga, kuti pokatchaja ukwati wotsatira muzidzaona manambala enieni.